Kanyumba ka magemu katsekedwe? Ine kalatayo sindisayina

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga nonse amene munadutsa m'manja mwanga, kaya muli ku Blantyre, kaya ku Joni, kaya mukadali konkuno kunyanja. Lero ndabwera mtima uli m'mwamba pang'ono, ndiye amene ndimuponde chala andikhululukiretu.

Loweruka lapitali tinali ndi msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pasukulu pathu. Titamaliza za zimbudzi za atsikana ndi za malipiro a mlonda, panabwera nkhani ya kanyumba ka magemu kali pamsika, kaja ka kuseri kwa chigayo. Anyamata anayi a Fomu 3 anapezeka kumeneko Lachiwiri m'mawa, anzawo ali pa masamu. Maganizo amene anatuluka ndi oti tilembe kalata kwa a Gulupu kuti kanyumbako katsekedwe. Mnzanga wina wa m'stafu rumu, munthu amene ndimamulemekeza ndipo timamwera limodzi tiyi, anaimirira n'kunena kuti: "Kholo lofuna kuti mwana wake azisewera magemu limugulire makina ake azisewerera kunyumba. Kwa azungu nyumba zotere zinatha kalekale." Anthu anaomba m'manja. Ine manja anga anali m'thumba.

Tiyambe ndi azunguwo, poti ndi amene timakonda kubisala kumbuyo kwawo tikasowa mfundo. N'zoona kuti kwawoko magemu anatchuka koyamba m'nyumba za aliyense, zimene amazitcha arcade. Anali makina aatali ngati kabati, umaponya kobidi n'kusewera chiimire. Pong inatuluka mu 1972, Space Invaders ya ku Japan mu 1978, Pac-Man mu 1980. Street Fighter II itabwera mu 1991, ndi Mortal Kombat mu 1992, achinyamata ankachita kufola mzere kudikira mpata. N'zoonanso kuti nyumba zambiri zoterezi zinadzatsekedwa. Koma chinazitseka si kalata ya aphunzitsi ayi. Chinazitseka ndi chakuti makina a kunyumba anakula mphamvu, makamaka PlayStation itatuluka mu 1994 ndi PlayStation 2 mu 2000, moti gemu imene unkailipira kobidi lililonse unayamba kuipeza pabalaza pako. Ndipo pabalazapo panali magetsi, panali TV, panali bambo wolandira malipiro okwanira kugula chinthu choterocho.

Tsono tibwerere kuno kwathu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi. Boma lathu la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, ambiri mwa iwo a kumidzi. PlayStation 5 inatuluka mu 2020 pamtengo wa madola 499, ndipo kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Muwerengere nokha, inu a masamu. Ndiye pamene munthu aima pamaso pa amayi ogulitsa usipa ndi abambo a kabaza n'kunena kuti "mugulireni ake", kwenikweni akunena kuti magemu ndi a ana a mabwana, enanu kaweteni mbuzi. Anene choncho poyera, tikangane bwinobwino.

Ine makina a kunyumba ndimawadziwa, ndipo ndimawadziwira pawindo. Mu 1995 malume anga anabwera kuchokera ku Joni ndi chikwama chachikulu chamizeremizere chija, m'kati muli wailesi, bulangeti, ka TV kakang'ono ka black and white ndi chimene tonse tinkangochitcha kuti TV game. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo dziko lino linalibe nyumba youlutsira kanema, TVM inadzayamba mu 1999. TV inali ya vidiyo ndi magemu basi. Makinawo anali otengera a Nintendo aja a mu 1983, koma opangidwa motchipa, ndi makaseti achikasu olembedwa kuti muli magemu zikwizikwi pamene ukawerenga bwino anali asanu kapena khumi omangobwerezedwa. Munali Mario, munali Contra, munali akasinja, munalinso abakha owombera ndi kamfuti kapulasitiki. Zonsezi zinkayendera batire ya galimoto, imene ife ana a mlongo wawo tinkaikweza panjinga kukatchajitsa ku boma.

Kunyamula batire tinkanyamula ndife, koma kusewera ankasewera ndi mwana wa malume. Akakondwa ankakupatsa padi yachiwiri. Ukayamba kumugonjetsa ankati batire yatsala pang'ono, n'kuzimitsa. Ukadandaula, mawa lake sulowa. Ana a oyandikana nawo ankakwera pa njerwa kusuzumira pawindo mpaka azakhali atawathamangitsa ndi tsache. Malume akabwerera ku Joni, makinawo ankakhomeredwa m'kabati miyezi isanu ndi umodzi. Sindikuwanyoza malume, Mulungu awasunge komwe ali, katundu anali wawo. Ndikungonena kuti makina a kunyumba kuno kwathu ankaphunzitsa phunziro limodzi lokha: mwini mpira ndiye amasankha timu.

Makabati oponya kobidi aja kunoko sanafike kwenikweni. Chimene chinachitika n'chodabwitsa, ndipo ndimachinyadira. Anthu athu anatenga makina amene a ku Japan anapangira pabalaza la banja limodzi n'kuwasandutsa arcade. Pamene ndinkayamba uphunzitsi mu 2003, m'misika ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay munali mutayamba kupezeka tizipinda ta TV imodzi kapena ziwiri, benchi lathabwa, chiguduli pakhomo, jenereta ikulira kuseri. Choyamba inali PlayStation yoyamba ija, kenako yachiwiri. Mpira wa Winning Eleven ndi Pro Evolution Soccer, nkhonya za Tekken 3. Mtengo wa gemu imodzi unali ngati wa mandasi awiri. Wogonja alipire n'kudzuka, wopambana akhalebe pampando.

Lamulo limenelo lokha, abale anga, ndi limene ndikulimenyera nkhondo. M'kanyumba muja mwana wa msodzi wa ku Makawa ankakhala benchi limodzi ndi mwana wa bwana wa kubanki, ndipo padi sinkafunsa kuti bambo ako ndani. Palibe amene akanazimitsa chifukwa akugonja, poti makina si ake, ndipo kumbuyo kwake kuli anthu khumi ndi asanu akudikira. Ukagonja unkagonja pamaso pa anthu, anzako n'kukuseka, iwe n'kumeza malovu, mawa n'kubweranso. Wamng'ono ankaphunzira poonerera wamkulu. Kodi zimenezi n'zachilendo? Pitani pansi pa mtengo uliwonse wa mango pamsika mukaone madala ali pa bawo: awiri akusewera, khumi azungulira, uyu akulangiza, uyo akutsutsa, wogonja akupereka malo. Sindinamvepo munthu akunena kuti aliyense asemetse bawo lake azikasewera yekha kuchipinda.

Komanso kanyumba kaja kanali ndi malire ake. Ndalama ikatha, gemu yatha. Petulo wa jenereta akatha, nonse kwanu. Mwini wa kanyumba kena kamene ndinkakadziwa bwino ankatseka Lachisanu masana kupita kumzikiti, ndipo mwana wotukwana ankamutulutsa ngakhale atalipira kale. Anali munthu wosapita patali ndi sukulu, koma ankadziwa dzina la kholo la mwana aliyense wokhala pa benchi lake, zimene ena a ife m'kalasi la ana 90 sitingakwanitse.

Sindinama kuti magemu anakhozetsa munthu MSCE. Sanatero. Komabe ndinaona anyamata amene buku la Chingerezi ankaliopa ngati njoka akuwerenga mawu a pa TV paja mosajejema, ndi kudziwa kuti Milan ili ku Italy ndipo Porto ili ku Portugal tisanatsegule mapu. Mmodzi wa inu, akudzidziwa, anayamba ndi kulumikiza mawaya a mapadi oduka kuti mwini wake amulole kusewera ulere, ndipo lero akudya za kukonza mafoni ku Johannesburg. Kunja nakonso zilipo: Arslan Ash wa ku Lahore m'dziko la Pakistan, amene mu 2019 anapambana mipikisano iwiri ikuluikulu ya Tekken 7, wa Evo Japan ndi wa Evo ku Las Vegas, anakulira m'nyumba za magemu za mumzinda wakwawo. Akatswiri a ku Japan ndi ku Korea anachita kudabwa kuti munthuyu watulukira kuti.

Tsopano zoipa zake, chifukwa ndikazibisa mudzati a Sir agulidwa. Ana ankajomba, inde, ndipo akujombabe. Ena ankatapa usipa pa thandala la mayi awo kukagulitsa kuti apeze ya gemu. Tizipinda tina tinali khoma limodzi ndi mavidiyo sho oonetsa zolaula usiku, ndipo tina tinasanduka malo a juga ndi chamba. Amenewo atsekedwe, ine ndidzakhala woyamba kusayina. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti atsikana sankalowamo. Zaka zonsezi sindikumbuka mtsikana wa m'kalasi langa amene anakhalapo pa benchi lija, pamene abale ake akusewera iye ali kumjigo. Pamenepo mnzanga uja akanaima, ndikanamumvera, chifukwa makina a pabalaza mwina mtsikana angawakhudzeko. Koma sanatchule zimenezo.

Ndipo tisanamizane za chimene chimatilanda ana kuno. Usipa ukagwa, theka la anyamata a m'midzi ya kugombe amagona panyanja ngati alovi, m'mawa n'kudzasinza pa desiki, ena osabweranso. Wina akabwera ku Joni ndi njinga yamoto ndi foni yaikulu, teremu yotsatira mayina awiri atatu amasowa m'kaundula. Atsikana akutengedwa ukwati ali Fomu 2. Kodi nyanja tiilembera kalata? Kodi msewu wa ku Mwanza tiutseka? Kanyumba ka kuseri kwa chigayo tikukalimbirira chifukwa ndi kokhako kamene tingakagonjetse, mwini wake ndi mnyamata wopanda omuyankhulira.

Mfundo yanga yaikulu ndi iyi. Zimene mnzanga akupempha zinachitika kale, iye sanazione chabe. Makina a kunyumba anafika m'mudzi uno, osati m'bokosi la Sony, koma m'thumba la buluku. Zinayamba ndi kanjoka ka pa Nokia 3310, tonse tinkaseka. Lero mwana ali ndi foni yake kapena ya mchimwene wake, akusewera yekha m'chipinda, atafunda chitenje, mpaka tambala woyamba. Palibe benchi, palibe wodikira kumbuyo, palibe jenereta yoti ithe petulo, palibe wamkulu woti anene kuti basi iwe, pita kwanu. Ndipo pafoni pomwepo, kuchoka pa mpira wosewera kufika pa kubetcha ndi kudina kawiri kokha. Kandege kaja mukukadziwa nonse, musanamizire. Chaka chatha mnyamata wina wa Fomu 4, wofatsa, wosajomba ngakhale tsiku limodzi, anamaliza ndalama yonse ya mayeso imene mayi ake anamupatsa, usiku umodzi, ali pamphasa pake. Palibe anamuona. Tinadziwa patapita milungu itatu, mayi akewo atabwera kudzafunsa lisiti. Akanakhala kuti ndalama imeneyo amaimwaza m'kanyumba ka pamsika, nkhani ikanafika kwa mayi ake dzuwa lisanalowe, chifukwa pamsika palibe chinsinsi.

Anyamata anayi a Lachiwiri aja tinawapeza bwanji? Ahedi anatuma mlonda, mlonda anayenda mphindi khumi, anawapeza onse pamalo amodzi, n'kubwera nawo. Mukatseka kanyumbako, mudzawatuma kuti alondawo? Ana sadzabwerera ku masamu chifukwa chitseko cha magemu chakhomedwa. Adzabalalika, wina kugombe, wina m'chigumula, wina m'nyumba ya mnzake amene makolo ake ali ku Joni, kumene kuli TV, kuli makina, koma kulibe wamkulu ngakhale mmodzi. Nyumba zotero zilipo zambiri kuno, ndipo aliyense wa inu angathe kuloza zitatu.

Lamulungu madzulo ndinapita ndekha kukaonana ndi mwini kanyumbako. Nditalowa anaimirira, n'kuvula kapusi, poti anali mwana wanga wa Fomu 2 zaka zapitazo, anasiyira panjira chifukwa cha fizi. Ndinamupempha zinthu zinayi. Mwana wa sukulu asalowe nthawi ya maphunziro, kaya wavala yunifolomu kaya waibisa m'chikwama. Pasakhale kubetcherana ndalama. Azitseka 7 koloko madzulo masiku a sukulu. Ndipo Loweruka m'mawa apatule ola limodzi la atsikana okhaokha, chitseko chili chotsegula. Zitatu zoyambazo anavomera pomwepo, anangopempha kuti timupatse ndandanda ya nthawi zathu ndi nambala ya foni ya ahedi. Chachinayi anakanda mutu, akuti akuopa zonena za anthu, makamaka amayi a kumpingo ndi a kumzikiti. Ndinamuuza kuti amayiwo ndikayankhula nawo ndine, ndipo ndiyambira kwa mayi wapampando wa komiti yathu.

Kalata yopita kwa a Gulupu ili pa tebulo la m'stafu rumu, mayina asanu ndi awiri alembedwa kale. Langa simudzalionapo. Msonkhano wina uliko Loweruka loyamba la mwezi wamawa, ndipo ndikupempha inu ana anga akale amene muli pafupi, makamaka amene ndinakugwiranipo khutu m'tizipinda timeneti, mubwere mudzanene nokha chimene munatolamo, chabwino ndi choipa chomwe. Mnzanga wa tiyi uja ndamuuza kale kuti ndilemba zimenezi, ndipo wati adzabwera ndi mfundo zake.

Ndisanatuluke m'kanyumbamo Lamulungu lija anandikakamiza kukhala pa benchi. Kamwana ka Sitandade 7 kanandimwetsa zigoli zinayi kwa duu, ine nditatenga Brazil. Ndinalipira n'kudzuka.