Galimoto Yokhota ndi Matayala Akumbuyo: Chenjerani ndi Mchira Wake

 Sabata ino tisiye kaye nkhani za kukhitchini ndi zosoka, tikambirane za galimoto. Mwina wina anena kuti, "Ine ndilibe galimoto, nanga nkhaniyi ikundikhudza bwanji?" Ikukukhudzani ndithu, mayi. Galimoto ikamaloŵa pachipata, amene amatsekula ndi kuima pambali ndinu. Ikabwera pamaliro kapena paukwati kumudzi, ana amene amaithamangira ndi anu. Ikamaima pamsika, tomato amene ali pansi m'mbali mwa msewu ndi wanu. Ndipo masiku ano amayi ambiri akugwira okha chiwongolero, kupita kuntchito, kuchipatala ndi kukatenga ana kusukulu.

Galimoto imene tonse tidaizoloŵera imakhota ndi matayala akutsogolo okha. Akumbuyo amangotsatira, ndipo potsatirapo amadula ngodya. Onani ngolo ya ng'ombe ikamakhota pamphambano: ng'ombe zimadutsa patali ndi chitsa, koma tayala la ngolo limakakhula chitsacho. N'chifukwa chake dalaivala wodziŵa ntchito amayamba watalikira chipilala cha chipata asanakhote, kuti nthiti za galimoto zisakhule.

Koma alipo magalimoto ena amene matayala ake akumbuyo nawo amapindika woyendetsa akapotoza chiwongolero. Luso limeneli si ladzana. Kampani ya Nissan ya ku Japan idaliika m'galimoto yake ya Skyline m'chaka cha 1985, ndipo Honda idaliika mu Prelude mu 1987. Mazda ndi Mitsubishi nawo adachita chimodzimodzi m'zaka zomwezo. Pambuyo pake lidazilala chifukwa linali lokwera mtengo, koma lidabweranso: Renault idaliika mu Laguna mu 2008, Porsche mu 911 mu 2013, ndipo Mercedes-Benz idaliika mu S-Class ya 2020. Popeza magalimoto ambiri a kuno kwathu ndi ogwiritsidwa kale ntchito kunja, makamaka ku Japan, munthu angathe kugula yotere osauzidwa kuti kumbuyo kwake kuli makina ameneŵa.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kotere. Galimoto ikamayenda pang'onopang'ono, matayala akumbuyo amapindikira mbali yosiyana ndi akutsogolo. Akutsogolo akaloza kumanja, akumbuyo amaloza kumanzere, ndipo galimoto yaitali imatembenuka pamalo ochepa ngati kagalimoto kakang'ono. Ikamathamanga pamsewu waukulu, onse anayi amaloza mbali imodzi, kuti galimoto isagwedezeke posintha mbali ya msewu. M'magalimoto a Renault ndi Mercedes-Benz amene ndatchulaŵa, kusinthako kumachitika pa liŵiro la makilomita 60 pa ola. Honda Prelude ya 1987 inali yosiyana pang'ono: inkatsata mmene mwapotozera chiwongolero, osati liŵiro. Mukapotoza pang'ono onse ankaloza kumodzi, mukapotoza kwambiri akumbuyo ankaloza kwina. Ya Nissan ija idapangidwira kuthamanga basi, sinkathandiza poimika galimoto. Tsono musaganize kuti onse ndi amodzi.

Kupindikako n'kochepa zedi. Yang'anani wotchi yapakhoma: dzanja lalitali likasuntha mphindi imodzi, layenda madigiri 6. Matayala akumbuyo a Prelude ankapindika madigiri 5 ndi pang'ono, a Laguna 3.5, ndipo a S-Class angathe kufika 10, kutanthauza kuti sakwana ndi mphindi ziŵiri zomwe za pawotchi. Koma kachinthu kochepako kamachotsa pafupifupi mamita 2 pa bwalo limene S-Class imafuna kuti itembenuke. Pabwalo lopanikizika la nyumba za m'tauni, mamita 2 ndiwo amasiyanitsa kutembenuka kamodzi ndi kubwerera chafutambuyo katatu.

Ubwino wake ndi umenewo, ndipo sindikuunyoza. Koma pamene pali ubwinopo ndi pamenenso pabisala ngozi. Amayi a kunyanja andimvetsa msanga. Boti la injini amaliwongolera kumbuyo, ndipo mutu wake ukamakhotera kumanja, kumbuyo kumakankhidwira kumanzere. Woyendetsa boti wosasamala amagunditsa kumbuyo kwake padoko pamene maso ake ali kutsogolo. Galimoto yopinda matayala akumbuyo imachitako zomwezo: ili ndi mchira umene umapukusa kunja kwa ngodya, mbali imene woyendetsa sakuyang'anako.

Tiyerekeze kuti mwaimika galimoto moyandikana kwambiri ndi khoma kapena ngalande, kudzanja lamanzere monga timaimikira kuno ku Malaŵi. Pofuna kuchoka, mwapotoza chiwongolero chonse kumanja n'kuponda mafuta. Mutu wa galimoto utulukira kumsewu bwinobwino, koma matayala akumbuyo aloza kumanzere, ndipo atengera mchira kukhoma kuja, kapena agwetsera tayala m'ngalande. Kumbukiraninso kuti woyendetsa amakhala kudzanja lamanja, kotero ngodya yakumbuyo yakumanzere ndiyo ili kutali kwambiri ndi maso ake. Khoma likakhulika, mmisiri akonza. Koma ngati pamalo pamenepo paima mwana, kapena pakhala mayi wogulitsa nthochi, nkhani yake ndi ina.

Tsono kwa inu amene mumayendetsa, nazi mfundo zoti musunge.

Choyamba, idziŵeni galimoto yanu. Safunsa adadya phula. Funsani wogulitsa, ŵerengani buku lake, kapena pemphani mnzanu aime chapatali pambali ndi kuyang'ana matayala akumbuyo pamene inu mukuyenda pang'onopang'ono mutapotoza chiwongolero chonse. Magalimoto ena sapinda matayalawo ataima chilili, n'chifukwa chake muyenera kuyesa ikuyenda.

Chachiŵiri, phunzirani pabwalo lopanda anthu musanaloŵe nayo pamalo opanikizika. Tengani makatoni opanda kanthu kapena ndowa zapulasitiki, muziike ngati zipilala za chipata chanu, mutayeza ndi chingwe kukula kwake kwenikweni. Ikaninso katoni imodzi pafupi ndi ngodya yakumbuyo, kenaka nyamukani mutakhotetsa kwambiri, muone ngati mchira uigunda. Katoni ikaphwanyika palibe wolira. Zizindikiro zimene mudaphunzira kusukulu yoyendetsa galimoto, zakuti mukaona chakuti pagalasi mupotoze chiwongolero, zidapangidwira galimoto wamba. Iyi imakhota msanga, ndipo mukatsata zizindikiro zakalezo mudzapezeka mwaloŵa mopitirira.

Chachitatu, poimika m'mbali mwa khoma, mpanda kapena ngalande, siyani mpata wokulirapo kuposa umene mudazoloŵera. Pochoka, yambani mwayenda molunjika kapena mutakhotetsa pang'ono chabe, ndipo mchira ukatalikira khomalo m'pamene mupotoze chiwongolero chonse. Ngati kutsogolo kuli galimoto ina, bwererani kaye m'mbuyo pang'ono molunjika kuti mupeze danga.

Chachinayi, poimika pakati pa magalimoto aŵiri m'mbali mwa msewu, pamene muyenera kuloŵa chafutambuyo, dziŵani kuti kumbuyo kudzathamangira m'mphepete mofulumira kuposa mmene mukuyembekezera. Potozani chiwongolero pang'onopang'ono, ndipo tsitsani galasi lakumanzere kuti muzitha kuona tayala ndi mwala wa m'mphepete mwa msewu. Musaiŵale mutu wa galimoto: pobwerera m'mbuyo, mutu ndiwo umapukusa kunja, ndipo ungathe kugunda wanjinga amene akudutsa.

Chachisanu, pakhomo panu ndi pamalo oimikapo magalimoto pasitolo, zoloŵerani kuloŵa chafutambuyo kuti podzatuluka mudzatuluke chamutu. Pofika mumakhala mwaona kale bwalo lonse ndi zimene zilipo. Ponyamuka mmaŵa, pamene muli ndi changu ndipo ana ali balalabalala kukonzekera sukulu, ndi bwino maso anu aloze kumene galimoto ikupita.

Chachisanu ndi chimodzi, liŵiro lanu pamalo otere lisapose la munthu woyenda pansi, phazi lili pafupi ndi buleki. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wina akaliza hutala kumbuyo kwanu, msiyeni alize. Iye sadzakulipirirani mukagunda. Ngati mwakayika, imani, tulukani, kaoneni ndi maso. Palibe manyazi pamenepo. Magalimoto atsopano ali ndi makamera ndi tizipangizo tolira mukayandikira chinthu, ndipo n'zothandiza, koma fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimatseka maso a kamera. Ipukuteni kaŵirikaŵiri, ndipo musaiyese mloŵam'malo wa khosi lanu.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene simuyendetsa koma mumathandiza bambo a kunyumba, mwana wanu kapena mlendo kuloŵetsa galimoto. Ntchito imeneyi timaiyesa yaing'ono, koma ndi imene imaika mayi pamalo oopsa. Musaime pakati pa galimoto ndi khoma, kapena pakati pa galimoto ndi chipilala cha chipata, ngakhale mpata ukuoneka waukulu. Musaime kumbuyo kwenikweni. Imani chapatali pambali, pamene mukutha kuona nkhope ya woyendetsa, kaya mwachindunji kaya pagalasi lake. Ngati inu simukumuona, iyenso sakukuonani. Gwirizanani zizindikiro za manja galimoto isanayambe kuyenda, makamaka chizindikiro chakuti "imani", ndipo pakhale pangano lakuti woyendetsa akangosiya kukuonani aime pomwepo. Wolozera akhale mmodzi. Anthu atatu akamakuwa nthaŵi imodzi, wina "bwerani", wina "kumanja", woyendetsa amasokonezeka.

Za ana ndiye ndinenetse. Mwana wokwaŵa kapena woyamba kumene kuyenda saoneka pagalasi lililonse akakhala pafupi ndi tayala. Injini isanalizidwe, ŵerengani ana onse a pakhomo, ndi a anansi omwe, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wamng'ono akhale kumsana kapena m'manja mwa munthu wamkulu. Okulirapo aime pakhonde mpaka galimoto itazima kapena itatuluka. Kungowauza kuti "chokani" sikokwanira, chifukwa mpira ukagubuduzika mwana amautsata osaganiza. Woyendetsa naye azungulire galimoto yonse ndi kusuzumira pansi asanakwere, pakuti ana, nkhuku ndi agalu amakonda mthunzi wa pansi pa galimoto. Kumudzi, galimoto ikafika pamwambo, mayi mmodzi adzipereke kusonkhanitsa ana pamalo amodzi kufikira itaima. Mphasa za chimanga ndi ufa zoyanika pabwalo zichotsedwe kale, kuti pasakhale wothamangira kukazikoka galimoto ikuyenda.

Amayi a geni amene mumayala malonda m'mbali mwa msewu, galimoto ikaima pafupi nanu musayang'ane mutu wake wokha ponyamuka. Yang'anani ngodya yakumbuyo imene ili kumbali yanu, ndipo mwana amene mwabwera naye akhale kumbuyo kwanu, kutali ndi msewu. Chenjezo lomweli lipite kwa amene amagwira ntchito kapena kukagula katundu m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, monga za ku Kanengo mu Lilongwe ndi ku Makata mu Blantyre. Makina onyamulira katundu otchedwa forklift amakhota ndi matayala akumbuyo okha, ndipo amapindika kwambiri kuposa a galimoto iliyonse. Kumbuyo kwake kuli chitsulo cholemera, ndipo kumapukusa mwadzidzidzi. Uzani amuna anu ndi ana anu ogwira ntchito kumeneko kuti asamadutse m'mbali mwake akamatembenuka.

Mawu ochepa okhudza thumba, popeza ndife amene timasunga ndalama za pakhomo. Galimoto yotere ili ndi zitsulo ndi makina owonjezera kumbuyo, ndipo maenje a m'misewu angathe kuzisokoneza. Mukaona matayala akumbuyo akudyeka mbali imodzi, kapena galimoto ikuyenda chopendekera ngati nkhanu, pitani nayo kwa makaniko amene amaudziŵa mtundu umenewu, ndipo mumuuze poyambirira kuti matayala akumbuyo amapindika. Nyali yochenjeza ikayaka, magalimoto ambiri otere amaimika matayala akumbuyo molunjika, ndipo galimoto imayamba kufuna malo aakulu pokhota. Chipata chimene mudaloŵa dzulo mosavuta, lero mungathe kuchikhula. Musanavomere kuti banja ligule galimoto ya mtundu umenewu, funsani ngati zipangizo zake zimapezeka ndiponso mtengo wake.

Nkhaniyi ikambidwe m'magulu athu a amayi, kutchalitchi, kumzikiti ndi kubanki ya m'mudzi. Amene ali ndi galimoto aitane anzake tsiku lina Loŵeruka, aonetse pamene woyendetsa satha kuona. Mayi mmodzi akhale pampando wa dalaivala injini itazima, wina aike ndowa kumbuyo ndi kumaisuntha kufikira itaoneka pagalasi. Mudzadabwa kutalika kwa malo obisikawo.