Miyendo ikakhazikika, maso n'kuyamba kuthwanima

Pali matenda amene munthu akamawafotokoza, anzake amangoti watopa basi. Usiku akangogona, miyendo imayamba kunyerenyetsa mkati, kukoka, kutentha, ndipo amapezako bwino pokhapokha akadzuka n'kumayendayenda. Dokotala wa ku England, Thomas Willis, analemba za matendawa mu 1672, ndipo Karl-Axel Ekbom wa ku Sweden ndiye anawatcha restless legs mu 1945. Matendawa amakonda kugwira amayi oyembekezera, odwala impso ndiponso anthu amene ayironi wawachepera m'thupi.

Kwa zaka zambiri madokotala a ku Ulaya ndi ku America akhala akupatsa odwalawa mankhwala otchedwa pramipexole, ropinirole kapena rotigotine womata pakhungu. Onsewa amagwira ntchito ngati dopamine wa muubongo. Miyendo imakhazikikadi. Koma ena atayamba kumwa amadandaula za maso: kadontho kowala kamatulukira pakati pa zimene akuyang'ana, n'kumakula mpaka kusanduka mizere yokhotakhota yothwanima, mbali ina ya tsamba osaonekanso. Zimatha pakati pa mphindi 5 ndi 60, ndipo mutu umatsatira kapena osabwera n'komwe. Madokotala amati aura, kalambulabwalo wa mutu waching'alang'ala. Vuto silikhala m'diso, n'chifukwa chake ngakhale mutatsinzina mizere ija imaonekabe. Mu 1944 Aristides Leão wa ku Brazil anapeza funde limene limayenda pang'onopang'ono pamwamba pa ubongo, pafupifupi mamilimita atatu pa mphindi, likuzimitsa maselo kwa kanthawi. Likadutsa kumbuyo kwa mutu, kumene timaonera, munthu amaona zimenezi.

Ndiye tiloze chala mankhwala? Kapepala ka m'bokosi la pramipexole kamatchuladi mutu, kusaona bwino, ngakhale kuona zinthu zimene palibe. Komanso anthu a miyendo yosakhazikika amadwala mutu waching'alang'ala kuposa ena, ndipo kusowa tulo pakokha kumaudzutsa. Choncho chimene chimathandiza dokotala ndi nthawi. Kuthwanimako kunayamba liti, mlingo unakwezedwa liti, usiku umenewo munagona bwanji? Lembani m'kope. Dandaulo lotere siloyenera kulikankhira pambali.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mankhwala a nthenda imodzi amatha kukolezera inzake. Metoclopramide ndi prochlorperazine, amene amaperekedwa kwa wodwala mutu waching'alang'ala amene akusanza, amatsekereza dopamine, ndipo miyendo imatha kuvuta usiku wonse. Amitriptyline, amene ena amamwa kuti mutu usamabwerebwere, amavutitsanso miyendo chimodzimodzi, ngakhalenso promethazine. Awa ndi mankhwala wamba m'zipatala ndi m'mafamase athu. Munthu akangonena za mutu, osatchula za miyendo, akhoza kutuluka m'chipatala atanyamula vuto lina m'thumba.

Ndikukupemphani, musasiye pramipexole kapena anzakewo mwadzidzidzi chifukwa cha mantha. Vuto la miyendo limabwerera mwaukali, ena amagwidwa ndi nkhawa yaikulu ndi kukhumudwa. Mlingo amatsitsa pang'onopang'ono, dokotala akuyang'anira. Njira zina zilipo. Mu 2024 bungwe la American Academy of Sleep Medicine linalangiza kuti mankhwala a dopamine asamakhale oyambira, chifukwa pakapita nthawi amakulitsa matenda omwewo: kunyerenyetsa kumayamba masanasana, mpaka kufika m'manja. Bungweli linaika patsogolo gabapentin, pregabalin ndi ayironi. Pemphani kuti akuyezeni ferritin, amene amaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi. Akatsika pansi pa 75, ayironi yekha amathandiza ambiri, ngakhale kuti magazi pawokha akuoneka okwanira.

Pali zizindikiro zina zosayenera kudikira kuti kuche. Diso limodzi likachita mdima mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo ukafooka, pakamwa pakapindika, mawu akamatuluka osamveka, kapena kuthwanimako kukapitirira ola, thamangirani kuchipatala, chifukwa sitiroko imayambanso chonchi. Chimodzimodzi ngati kuthwanimako kwayamba koyamba munthu atapitirira zaka 50.

Amayi ndi atsikana, nkhaniyi ikukukhudzani mwapadera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaletsa mapiritsi olera okhala ndi oestrogen kwa mayi amene amaona aura, chifukwa ziwirizi zikakumana chiopsezo cha sitiroko chimakwera. Mukapita kolera, auzeni anamwino za mizere yothwanimayo kuti akusankhireni njira ina.