Cithunzi ca agogo cisatayike

Ana inu, funsani kunyumba lero. Kodi cilipo cithunzi ca agogo ali acinyamata? Mwina cili pakhoma. Mwina cili m'sutikesi. Ngati cilipo, cigwireni bwino. Ndi cuma ca banja.

Kale wojambula ankabwera kumudzi pa njinga, kamera ili m'khosi. M'kamera munali filimu. Filimu imodzi inkajambula zithunzi 24 kapena 36 basi. Ikatha, ankapita kukaitsuka m'cipinda ca mdima. Anthu ankadikira masiku ambiri. Conco sankajambula cisawawa. Banja linkasamba, kuvala bwino, n'kuima mwadongosolo.

Ricardo Rangel anali wojambula wochuka wa dziko lathu la Moçambique. Anabadwa mu 1924, anamwalira mu 2009. Ankajambula ndi kamera ya filimu. Mu 1983 anayambitsa sukulu ya ojambula ku Maputo. Zithunzi zake zilipobe, ndipo zimatisonyeza moyo wa anthu akale.

Lero kamera ili m'foni. Pa msika wa Milange anthu amajambulana. Pa malire a Muloza amajambulananso. Foni ndi yabwino. Siifuna filimu. Cithunzi mumaciona nthawi yomweyo. Mungacitumize kwa amalume ku Quelimane kapena ku Blantyre.

Koma foni imagwa m'madzi. Foni imabedwa. Foni imafa. Ikapita, nthawi zambiri zithunzi zimapita nayo.

Nanga tisankhe iti? Ine ndikuti foni imene ili pakhomo ndi yokwanira. Filimu ndi yosowa masiku ano, ndiponso ndi yodula. Makolo, musagulitse cimanga ca ana kuti mugule kamera ya mtengo wapatali. Koma tijambule mosamala, monga ankacitira wojambula wa pa njinga.

Coyamba, pemphani: "Agogo, ndikujambuleni?" Akakana, alekeni. Akalola, pukutani kagalasi ka foni ndi kansalu kofewa. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, kuti nkhope zioneke. Gwirani foni ndi manja awiri. Musagwedezeke.

Tsono makolo, nchito yotsala ndi yanu. Caka ciliconse sankhani cithunzi cimodzi ca banja lonse. Kacitsukitseni pa pepala. Kumbuyo kwake lembani maina, mudzi ndi caka. Kuno kufupi ndi phiri la Tumbine mvula imagwa yambiri. Ikani cithunzico m'pulasitiki, kutali ndi cinyontho ndi ciswe.

Wina anganene kuti kutsukitsa kumadya ndalama. Ndi zoona. N'cifukwa cake ndikuti cimodzi cokha pa caka.

Mwana wa kalasi yoyamba adzakula. Tsiku lina adzakhala agogo. Adzukulu adzafunsa kuti: "Amayi anu ankaoneka bwanji?" Iye adzatsegula sutikesi, n'kuwaonetsa.