Kukhala Chete Si Chiyero

Abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu azibambo ndi amalume, lero ndikudzudzulani pa nkhani imene timaopa kuitchula. Mtsikana akalakwa, mimba imamuulula, ndipo timathamanga naye ku bwalo la mpingo. Nanga mnyamata amene anali naye? Timamusiya akuimba kwaya, n'kumati ali bwino poti palibe chooneka.

Pali nthenda yopatsirana pogonana yotchedwa chlamydia. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 129 miliyoni anaitenga padziko lonse. Kuopsa kwake n'koti ambiri oitenga samva kanthu. Ena, pakapita sabata imodzi kapena zitatu, amamva kuotcha pokodza, amaona timafinya pa kabudula wamkati, kapena amatupa ndi kumva ululu kumaliseche. Mnyamata wosamva kanthuyo ndiye amapatsira mwana wa mnzathu, nthenda n'kukawononga njira za chiberekero. Patapita zaka timudzanena mtsikanayo kuti ndi wosabereka, chonsecho gwero linali m'nyumba mwathu.

Kumene kuli zipangizo, nthendayi amaipeza poyeza mkodzo woyamba kutuluka, popanda singano kapena mpeni. Koma m'zipatala zathu zambiri zazing'ono mulibe zipangizozo. Dokotala amadalira zimene waona ndi zimene wodwala wanena, ndipo akapeza mafinya amapereka mankhwala a chinzonono ndi a chlamydia pamodzi. Choncho chida chachikulu chopezera nthendayi ndi pakamwa pa mwana wanu. Tsono mukamuopseza ndi chikwapu ndi kumuchititsa manyazi, adzaulula kwa yani? Adzapita kumsika kukagula makapisozi awiri, kapena adzamwa mizu ya kwa sing'anga, ululu udzachepa, nthenda idzatsala.

Ena mukuti kumutengera mwana kuchipatala n'kuvomereza chiwerewere. Ayi ndithu. Dama timalidzudzula ndipo tidzalidzudzulabe, koma chidzudzulo sichipha tizilombo. Ambuye wathu anakhudza wakhate amene anthu onse ankamuthawa. Ife ndife yani kuti tinyansidwe ndi mwana wathu yemwe?

Nthendayi imachizika. Doxycycline akamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 7, monga adokotala alamulira, imatha. Koma mnzake amene anagona naye ayeneranso kulandira mankhwala, apo ayi adzapatsirananso. Ndi bwinonso ayezetse HIV ndi chindoko tsiku lomwelo. Zipatala zambiri za boma zili ndi chithandizo cha achinyamata, komwe amathandizidwa mwachinsinsi.

Bambo, malume, muitanireni mnyamatayo pambali sabata ino. Mufunseni modekha, amayi ake ndi alongo ake asakumva. Ngati anagonapo ndi munthu, mperekezeni kuchipatala ngakhale akunena kuti sakumva kanthu, ndipo auze adokotala zoona. Uphungu ndi pemphero zibwere, koma zisalowe m'malo mwa mankhwala.

Ambuye atipatse kulimba mtima kolankhula ndi ana athu. Amen.