Musagule puloti mu Okutobala

Sabata yatha ndinaona zikhomo zatsopano, zopakidwa penti yofiira kumutu, zitakhomedwa pamzere m'mphepete mwa dambo lina kuno kwa Mphamba, ku Lundazi. Pambali pake panali mulu wa njerwa zootcha, ndipo mnyamata wina ankakumba maziko. Dothi limene ankaponya kunja linali lakuda bii, lomata pafosholo, lija agogo ankadzalapo mpiru ndi nzimbe. Nditamufunsa chimene anakondera malowo, anayankha mosangalala kuti, "Achikulire, pano m'pabwino, m'pafupi ndi msewu."

Mawu amenewa sakundichoka m'mutu. Aliyense wogulitsa malo masiku ano nyimbo yake ndi imodzi: pafupi ndi msewu, pafupi ndi magetsi, mtengo tikambirana. Za kumene madzi amadzera mu Febuluwale simudzamva. Ndipo taonani nyengo imene malonda amenewa amatentha. Ndi pamene mlimi wagulitsa soya, mtedza ndi chimanga, ndalama ili m'thumba, dzuwa likuswa mtengo, dambo lauma mpaka kung'aluka. Mu Okutobala malo onse amaoneka ngati mtunda. Wogula amayendapo nsapato zili mbee ndi fumbi, n'kulipira.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ine mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa suli wophiphiritsa kwenikweni, ndi malangizo a kamangidwe ka mudzi. Makolo athu, Atumbuka, Achewa ndi Angoni omwe, ankaika nyumba pamtunda, dimba kudambo, nkhokwe pamiyala. Dambo ankalisiya ndi udzu wake chifukwa limamwa mvula ya dzinja n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, n'chifukwa chake zitsime za kumunsi sizinkaphwa msanga. Mukalidula mapuloti, mukakumbamo maenje oumbira njerwa, mukafolera ndi malata n'kutsira simenti pabwalo, madzi aja amasowa pokhala. Amathamanga tsiku limodzi, atanyamula dothi, n'kukagwera mu mtsinje wa Lundazi onse pamodzi. Nanga chimbudzi chokumba pamalo pamene madzi ali m'chiuno? Dzinja likafika, chimbudzi ndi chitsime zimasanduka chinthu chimodzi. Anthu a ku Kanyama mu Lusaka amazidziwa bwino izi, ndipo mu Janyuwale 2024 kolera inafika poti bwalo la mpira la Heroes linasandutsidwa chipatala. Ku Blantyre, mu Malichi 2023, namondwe Freddy anagumula matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe. Konseku anthu sanali opusa. Anamanga pamene anapeza malo otsika mtengo.

Mnyamata wokumba maziko sindikumuimba mlandu. Mu 2010 m'Zambia tinalipo anthu pafupifupi 13 miliyoni, pofika 2022 tinakwana 19.6 miliyoni. Ana akula, akufuna pawo. Tauni ya Lundazi iyenera kukula, ndipo ikulira m'dziko la mafumu, chifukwa ndi limene laizungulira. Chondipweteka n'choti timasankha malo titatseka maso, ndipo si anthu wamba okha amene amachita zimenezi.

Apa pali chilonda changa chakale. Kungoyambira 2022, pamene ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu mmodzi, zomanga zachuluka: makalasi, tizipatala ta kumudzi, nyumba za aphunzitsi, mashedi a msika. Zimenezi n'zabwino, ndipo ndimayamika. Koma funsani kuti chinthu chakutichakuti chinamangidwiranji pamene chilipo, yankho lake kawirikawiri n'lakuti, "Ndi pamene tinapatsidwa malo." Wina anapereka munda wake wotopa kumapeto kwa mudzi, komiti inaomba m'manja, basi. Malo aulerewo amalipiridwa ndi miyendo ya anthu kwa zaka makumi. Amalipira ndi mayi wa pakati amene akukwezedwa pangolo usiku, mwana wa giredi 1 amene amajomba mtsinje ukadzaza, ndi namwino amene amakana kukhalako chifukwa kulibe madzi. Tonse tikudziwa shedi ya msika kwinakwake imene mumagona mbuzi, pamene amayi akugulitsa tomato padzuwa m'mphepete mwa msewu. Amayiwo si osamva. Amapita kumene kumadutsa ogula, ndipo shediyo inamangidwa kumene sikudutsa munthu.

Okonza mapulani ambiri amaganiza ali m'galimoto. Kwa iwo makilomita 5 ndi mphindi zowerengeka. Koma kuno ndani ali ndi galimoto? Imani pa mlatho wa Mphamba m'mawa muwerenge. Mudzaona njinga zakapalasa zitasenza makala ndi matumba a nyemba, njinga zamoto zonyamula anthu, ana a sukulu, amayi mabeseni ali pamutu. Oyenda pansi ndi apanjinga ndiwo eni msewu, koma ndiwo amakankhidwira m'ngalande lole ikamadutsa. Ndipo mlatho womwewo ndi umene wanyamula msewu wa ku Chasefu ndi Chama. Taona kale zimene zimachitika mtsinje ukaugonjetsa: wodwala tsidya lino, chithandizo tsidya lina, katundu ataima pamzere. Ndiye tikamaonjezera nyumba kuno, koma ntchito, masitolo akuluakulu ndi maofesi onse n'kumaunjikana kuboma, tikusenzetsa khosi limodzi katundu wa mudzi wonse. Mbali ino iyenera kukhala ndi zake zokwanira, zomangidwa pamtunda, pamene munthu angafike wapansi mwana ali kumbuyo.

Lamulo lilipo kale. Lamulo la mapulani a matauni ndi zigawo la 2015, limene linalowa m'malo mwa lija la nthawi ya atsamunda, limauza khonsolo iliyonse kukhala ndi pulani imodzi ya chitukuko cha boma lonse, ndipo limalola khonsolo kupangana ndi mfumu za kagwiritsidwe ntchito ka malo a mfumuyo. Mu 2018 Lumezi ndi Chasefu anachotsedwa ku Lundazi n'kukhala maboma paokha, ndiye dera latsala n'laling'ono, loti akatswiri a khonsolo angathe kuliyenda. Palibe chifukwa choti Mfumu Mphamba, nduna zawo ndi khonsolo alephere kukhala pansi n'kulemba kuti dambo ili ndi ili silidulidwa puloti, apa padzadutsa msewu, apa tasungira sukulu. Msewu umasungidwa nyumba zisanamere. Zikamera, kuti mudutsitse ngakhale ambulansi, muyenera kugwetsa khitchini ya munthu, ndipo mapeto ake ndi milandu yosatha.

Pempho langa kwa makomiti a chitukuko a m'mawodi, amene ndiwo amayambitsa zopempha za CDF, ndi laling'ono. Musavomereze malo muli pansi pa mtengo mu Okutobala. Dikirani mvula ikhazikike, mukawaone mu Febuluwale. Galimoto muisiye. Muyambire kumudzi wakutali kwambiri umene udzagwiritsa ntchito chinthucho, muyende wapansi limodzi ndi amayi otunga madzi ndi anyamata a njinga, muwerenge makwawa amene mwaoloka. Mutengenso nkhalamba ya pamudzipo ikuonetseni pamene madzi anafika chaka cha mvula yoopsa, ndipo chizindikiro chimenecho chilembedwe m'buku la komiti, mfumu ndi khansala asainire.