Mpikisano wa patatu ndi ana a m'migodi ya ku Midlands

M'matauni a migodi a m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, masewera anakula pamodzi ndi mgodi. Kampani ikakumba golide ku Kwekwe, kuromu ku Shurugwi kapena asibesitosi ku Zvishavane, inkamanganso bwalo la mpira, malo othamangirapo ndiponso dziwe losambiramo. Ambiri mwa amene ankatsika pansi m'migodiyo anali ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, ndipo zidzukulu zawo zikadalipo m'makomboni, zikuyankhula Chichewa pamaliro ndi pa gule. Kwa agogo awowo, njinga yakapalasa inali umboni woti munthu sanapite ku Halale kukasewera. Mdzukulu wa lero anabadwa miyendo yolimba ndipo njinga anaidziwa ali wamng'ono. N'chifukwa chiyani tsono sapezeka pa mpikisano wa triathlon, umene magawo ake awiri mwa atatu ndi zinthu zomwe amachita tsiku ndi tsiku?

Triathlon ndi mpikisano umene munthu amasambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga motsatizana popanda kupumira. Unayamba mu 1974 ku San Diego m'dziko la America, ndipo unalowa m'masewera a Olimpiki mu 2000 ku Sydney. Pa mtunda wa Olimpiki munthu amasambira makilomita 1.5, kupalasa makilomita 40 ndi kuthamanga makilomita 10. Pali wina waufupi umene ndi theka la mitunda imeneyi. Dziko la Zimbabwe si lachilendo ku masewerawa: Chris Felgate analiimira ku Beijing mu 2008 ndi ku London mu 2012. Koma mizu ya masewerawa inazikika mumzinda wa Harare ndi m'sukulu zolipira ndalama zambiri, kutali ndi fumbi la ku Maglas kapena ku Torwood.

Chopinga chachikulu ndi madzi. Fakitale ya zitsulo ya Ziscosteel ku Redcliff itaima mu 2008, ndi mgodi wa Shabanie utafooka m'zaka zomwezo, zinthu zimene makampani ankasamalira zinayamba kuwonongeka chimodzichimodzi. Mpira unapulumuka chifukwa umangofuna bwalo ndi chikopa, ndipo timu ya FC Platinum ya ku Zvishavane inafika potenga ligi ya dziko lonse mu 2017, 2018 ndi 2019. Dziwe losambiramo silipirira chotero. Limafuna madzi, mankhwala, pampu ndi magetsi sabata iliyonse, ndipo likangosiyidwa miyezi ingapo limasanduka nyumba ya achule. Mwana wofuna kuphunzira kusambira amatsala ndi damu ngati la Sebakwe, kumene kuli ng'ona ndi nkhono zofalitsa likodzo, kapena maenje osiyidwa a migodi amene amadzaza m'dzinja. Maenje amenewa ndi akuya, m'mbali mwake ndi moterera, ndipo aphapo ana ndi ziweto. Aliyense wokonzekera mpikisano asayese dala kuphunziriramo. Ndi bwino kukapempha malo pa dziwe la sukulu kapena la kalabu, ngakhale kamodzi pa sabata, pamaso pa munthu wodziwa kupulumutsa omira.

Kumbali ya njinga ndi kuthamanga, chigawochi chili ndi mphatso zimene anthu a ku Harare angasirire. Msewu wokhotakhota wa Boterekwa pafupi ndi Shurugwi ndi mphunzitsi wa chitunda amene salipiritsa kanthu. Msewu waukulu wa Harare kupita ku Bulawayo, wodutsa ku Kwekwe ndi Gweru, ndi wofunika kuupewa chifukwa cha malole akuluakulu.

Nkhani ya kutentha ndiyo yofunika kuimvetsa bwino, pakuti imapha ngakhale munthu wamphamvu. Thupi likamagwira ntchito yolimba limatulutsa moto wambiri, ndipo njira yake yaikulu yoziziritsira ndi thukuta limene limauma pakhungu. Thupi limaphunzira kupirira kutentha, koma limafuna masiku 10 mpaka 14 ochita masewera pang'onopang'ono padzuwa. M'masiku amenewa madzi a m'magazi amachuluka, thukuta limayamba kutuluka msanga ndipo mchere wotayika m'thukutamo umachepa. Wofuna kudumpha masiku amenewa amalipira pa tsiku la mpikisano. Zizindikiro zoopsa ndi chizungulire, kusanza, kuyenda mwadzandidzandi ndi kuyankhula zosamveka. Munthu wotere aimitsidwe ngakhale akukana, amuike pamthunzi, amuthire madzi ozizira thupi lonse, kenako athamangire naye kuchipatala. Kuziziritsa kuyambe pomwepo, kusadikire galimoto.

Pali njira yapafupi yodziwira madzi amene thupi likutaya. Munthu adziyeze pa sikelo asanayambe kuthamanga ndiponso atamaliza. Kilogalamu imodzi yotayika ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi. Koma kumwa mopyola muyeso nakonso n'koopsa, chifukwa madzi okhaokha ochuluka amasungunula mchere wa m'magazi mpaka munthu kukomoka. Pa ulendo wautali wa panjinga, thanzi ORS kapena madzi othira shuga ndi kamchere pang'ono amathandiza kuposa madzi okha. Nthochi ndi mbatata yophika zimagwira ntchito imene ena amagulira timapaketi todula. Ogwira ntchito pansi pa mgodi ali ndi vuto lawolawo: amatuluka pa shifiti atataya kale thukuta lambiri, choncho kuthamanga atangoweruka kuli ngati kuyamba ulendo ndi chigubu chobooka.

Mpikisano waukulu wa triathlon m'Zimbabwe umachitikira ku Troutbeck, kumapiri a Nyanga, kawirikawiri pakati pa Febuluwale ndi Epulo, ndipo umakoka opikisana ochokera m'maiko ena. Izi zikutanthauza kuti kukonzekera kumagwera m'miyezi ya chilimwe ndi ya mvula, pamene ziphaliwali ndi mdani wina wa munthu amene ali pamtetete kapena m'madzi. Chodabwitsa n'chakuti amene wazolowera ng'anjo ya ku Zvishavane amakapeza zosiyana kotheratu. Troutbeck ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka ndipo madzi a m'damu lake ndi ozizira, moti nthawi zina pamafunika chovala chapadera chosambirira. Kuchokera ku Kwekwe ndi ulendo wa makilomita oposa 450 kudzera ku Harare ndi Rusape. Njinga ikakwezedwa pa basi, mawilo achotsedwe, mbali ya magiya ikulungidwe ndi makatoni, ndipo chipewa choteteza mutu chikhale m'manja mwa mwini wake, pakuti popanda icho saloledwa kupikisana.

Amene mwayi wamugwera wokapikisana m'mbali mwa nyanja, monga ku Mauritius kapena kugombe la Mozambique, amakumana ndi kutentha kwa mtundu wina. Ku Midlands mpweya wa mu Okutobala ndi wouma, thukuta limauma msanga. Kugombe mpweya ndi wachinyezi, thukuta limangoyenderera osaziziritsa thupi. Ku Tokyo mu 2021 mpikisano wa Olimpiki unayamba 6.30 m'mawa pothawa kutentha, komabe amene anapambana, Kristian Blummenfelt wa ku Norway, anagwa pansi n'kusanza atangodutsa mzere womaliza. Wochokera kumtunda ngati ku Gweru, kumene malungo ndi ochepa, ayeneranso kuonana ndi achipatala za mankhwala oteteza asananyamuke, ndi kunyamula masikito. Kutentha thupi kulikonse m'masabata otsatira ulendo n'kofunika kukayezetsa magazi.

Mu 2025 Kirsty Coventry, katswiri wosambira wa ku Zimbabwe, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa komiti ya Olimpiki ya dziko lonse lapansi, munthu woyamba wa mu Africa pa udindowo. Ulemu umenewo sudzaza dziwe la mu komboni. Kampani imene ikukumba pulatinamu ku Mimosa yaonetsa kale pa mpira kuti masewera imawadziwa, ndipo kukonza dziwe limodzi ndi kulemba mphunzitsi wosambira si ndalama yofanana ndi yoyendetsera timu ya mu ligi. Podikira zimenezo, pali mpikisano wa duathlon umene munthu amathamanga, kupalasa njinga, n'kuthamanganso. Sukulu kapena mpingo ungaukonze Loweruka m'mawa dzuwa lisanakwere, pa msewu wa fumbi wotsekedwa kwa maola awiri, ndi migolo ya madzi akumwa pa makilomita awiri alionse.