Mfuti ya utoto? Ine toto!

Anzanga, ambiri mukusirira mfuti za paintball zimene abale athu ena amabwera nazo kuchokera ku Joni, zija zooneka ngati za asilikali. Ine sindikuziona bwino.

Mfuti imeneyi siwomba popanda mpweya wa m'kabotolo kake. Ukatha, mukadzazitsa kuti pa Jenda pano? Timalabala tam'kati tikauma, mpweya umangothawa, ndipo timafuna mafuta akeake, osati girizi wa njinga. Timipira ta utoto tikanyowa timatupa n'kuphulikira mumpope. Zonsezo ndi ndalama, pomwe enafe makope enieniwa akutivuta.

Nanga maso? Popanda chophimba kunkhope, kampira kamodzi kokha kakhoza kukuphulitsa diso, aise. Ndiye yerekeza kudutsa nayo pa rodibuloko chamadzulo. Wapolisi adziwa bwanji kuti ndi choseweretsa?